Edward Young, Mmalinyero Amene Anafikitsa Sitima Yoyamba pa Nyanja ya Malawi

Mwana wobadwira kwa Chulu, m'boma la Kasungu, amakula akudziwa nazale ya fodya, chigafa ndi ngolo ya ng'ombe, ndipo angathe kufika pa msinkhu wokwatira asanaonepo madzi otambalala koposa dambo la kwao m'nyengo ya dzinja. Komabe mvula imene imagwa m'zigwa za Kasungu imatsikira ku nyanja kudzera m'mitsinje ya Dwangwa ndi Bua. Chimodzimodzinso mbiri ya sukulu zoyamba za m'bomali, munthu akaitsata mpaka kugwero lake, imakathera ku nyanja komweko, pa kasitima kamodzi kotchedwa Ilala. Maina a Dr. David Livingstone ndi Dr. Robert Laws amapezeka m'mabuku onse a sukulu, koma munthu amene anatsogolera ulendo wobweretsa kasitimako satchulidwa kawirikawiri. Munthuyo ndiye Edward Daniel Young, msilikali wa pamadzi wa ku Britain, amene anabadwa m'chaka cha 1831 ndi kumwalira m'chaka cha 1896.

Sukulu ya m'sitima

Mabuku ambiri amamutchula kuti Lieutenant Young, koma pa nthawi ya maulendo ake a kuno udindo wake unali wa gunner, ndiye kuti mkulu woyang'anira mizinga ndi onga m'sitima ya nkhondo. M'masiku amenewo akuluakulu olamula sitima ankachokera m'mabanja odziwika, pamene udindo wa gunner unali wa anthu okwera kuchokera pansi, amene anayamba ngati amalinyero wamba. Chotero kuti munthu amvetse bwino ntchito zimene Young anagwira pa Shire ndi pa nyanja, ayenera kuyamba wadziwa zimene mmalinyero aliyense ankaphunzira asanakhulupiriridwe.

Phunziro loyamba linali la zingwe. Sitima za nthawi imeneyo, ngakhale zija zoyendera moto, zinali ndi milongoti ndi matanga, ndipo chingwe chilichonse chinali ndi dzina lake ndi malo ake omangapo. Mnyamata ankayenera kuchipeza ngakhale usiku wa mdima bii, mvula ikugwa, pakuti kumasula chingwe cholakwika kukanatha kugwetsa mnzake kuchokera pamwamba pa mlongoti. Ankaphunzira kumanga mfundo zosaterereka koma zosavuta kumasula, kulumikiza chingwe chodukaduka, kupinda thanga pamene mphepo yakula, kupalasa bwato ndi kuponya nangula. Ankaloweza pamtima zigawo 32 za kampasi, kuzitchula mwandondomeko kupita kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo, asanaloledwe kugwira chiwongolero. Mbali ya kumanzere ya sitima inkatchedwa port ndipo ya kumanja starboard, ndipo kuyambira m'chaka cha 1848 sitima za moto za ku Britain zinalamulidwa kuyatsa nyali yofiira kumanzere ndi yobiriwira kumanja, kuti woyang'ana usiku adziwe kumene sitima inzake yaloza.

Phunziro lachiwiri linali la ulonda. Amalinyero ankagawidwa m'magulu awiri osinthana pakatha maola 4 alionse, usana ndi usiku. Belu linkalira pakatha theka lililonse la ola, kamodzi pa theka loyamba, kawiri pa lachiwiri, mpaka kukwana 8, ndipo pamenepo gulu lina linkalandira ntchito. Chigawo choyambira 4 koloko madzulo mpaka 8 koloko chinkadulidwa pakati, ndi cholinga choti gulu limodzi lisamakhale maso pa maola omwewo a usiku tsiku ndi tsiku. Kugona pa ulonda unali mlandu waukulu, popeza moyo wa anthu onse ogona m'kati unali m'maso mwa mlonda mmodziyo.

Phunziro lachitatu linali la miyeso. Pofuna kudziwa kuya kwa madzi, mmalinyero ankaima m'mbali mwa sitima ndi kuponya kutsogolo chingwe chokhala ndi mtovu kunsonga. Kuyako kunkayesedwa m'mikwamba, muyeso womwe uja wa mapazi 6 umene makolo ankayesera nsalu potambasula mikono. Chingwecho chinali ndi zizindikiro: timizere tiwiri ta chikopa pa mikwamba 2, titatu pa mikwamba 3, kansalu koyera pa mikwamba 5, kofiira pa 7, ndi chikopa chobooka pa 10. Pansi pa mtovuwo panali kadzenje kopakamo mafuta oundana a nyama, kuti pouvuula ubwere ndi mchenga, matope kapena timiyala, ndipo potero adziwe ngati nangula angagwire pamalopo. Liwiro la sitima linkayesedwa ndi kathabwa koponyedwa kumbuyo, komangidwa ku chingwe cha mfundo zotalikirana mofanana. Wina ankatembenuza kabotolo ka mchenga kotha m'masekondi 28, ndipo chiwerengero cha mfundo zodutsa m'manja chinkasonyeza mailosi a panyanja amene sitima ikuyenda pa ola.

Mkulu wa mizinga ankafunika kudziwa zonsezi ndi zina zoonjezera. Ankayenera kudziwa kuwerenga, kulemba ndi masamu, chifukwa mbiya iliyonse ya onga ndi chipolopolo chilichonse zinkalembedwa m'buku lake. M'chipinda chosungiramo onga simunkaloledwa chitsulo chotha kuthetheka moto. Zida zake zinali za mkuwa, olowamo ankavula nsapato za misomali, ndipo nyali inkaunikira kuchokera kuseri kwa galasi. Munthu wokhala zaka zambiri pa ntchito yotere amazolowera kuwerenga katundu wake kawirikawiri, ndiponso sakhutira ndi mau a munthu asanaone yekha ndi maso. Makhalidwe awiriwa ndiwo anadzatchukitsa Young.

Zaka ziwiri pa Zambezi ndi Shire

Young ankagwira ntchito m'sitima ya nkhondo yotchedwa Gorgon, imodzi mwa sitima zimene zinkalondera gombe la kum'mawa kwa Africa pofuna kuletsa malonda a akapolo. Kumapeto kwa January, 1862, Gorgon inafika pa mathiriro a Zambezi ikuperekeza chombo chimene chinanyamula Mayi Mary Livingstone pamodzi ndi zidutswa za sitima yatsopano, Lady Nyassa, imene Livingstone anagula ndi ndalama zake kuti ikayende pa nyanja. Young anadzipereka kulowa m'gulu la Livingstone, ndipo anagwira ntchito m'sitima ya Pioneer mpaka m'chaka cha 1864.

Zimenezi zinali zaka za masautso. Pioneer inkamira mapazi 5 m'madzi, pamene Shire m'malo ambiri sankafika kuya kotere m'chilimwe, kotero kuti sitimayo inkatitimira mumchenga nthawi ndi nthawi, ndipo anthu ankatha masiku akuikoka ndi zingwe ndi anangula. Mayi Livingstone anamwalira ndi malungo pa Shupanga pa 27 April, 1862. M'chaka cha 1863 chigwa cha Shire chinasakazidwa ndi chilala pamodzi ndi nkhondo za ogwira akapolo, mpaka mitembo yoyandama inkakodwa m'mapiko a sitima. Dr. John Kirk ndi Charles Livingstone anabwerera kwao atafooka ndi matenda, ndipo Young anali mmodzi wa Azungu owerengeka amene anatsala.

Mu July, 1863, kunafika kalata ya boma la Britain yolamula kuti ulendowo uthe. Koma Pioneer sikanatha kutsika mtsinje madzi asanadzaze, chotero Livingstone anaganiza zogwiritsa ntchito miyezi yodikirayo poyenderanso dziko la kumpoto. Anayesa kudutsitsa bwato pa mathithi, koma anthu ena a m'gulu lake analiika m'madzi pamalo othamanga, ndipo linakokoloka iwo akuona. Motero anayenda pansi mpaka ku Nkhotakota, kumene anapeza Jumbe akukhoma chombo chowolotsera akapolo, ndipo mu September anakwera kumadzulo nafika kwa Mfumu Mwase ku Kasungu, asanabwerere ku sitima. Shire anadzaza mu January, 1864, ndipo gulu lonse linatsika kumka ku nyanja ya mchere. Lady Nyassa inachoka m'dziko muno isanalawe madzi a nyanja imene inapangidwira.

Young anabwerera kwao atatola nzeru zitatu. Anaona kuti sitima yoyenera Shire ndi yaing'ono ndi yosamira kwambiri. Anaonanso kuti pa mathithi a Kapichira, Mpatamanga, Tedzani, Nkula ndi Kholombidzo, pamene mtsinje umatsika mapazi oposa 1,000, chombo chiyenera kuphwasulidwa ndi kusenzedwa pamutu. Ndipo anadziwana ndi anthu: Amakololo amene Livingstone anawasiya kufupi ndi Chikwawa, komanso amalinyero a ku chilumba cha Johanna, chimene lero chimatchedwa Anjouan ku Comoros. Mmodzi wa amalinyerowo anali Musa.

Bodza la Musa

M'chaka cha 1866 Livingstone anabweranso, nalowera ku mtsinje wa Rovuma, kudutsa kwa Mataka ndi kuzungulira kumwera kwa nyanja. Pakati pa amtengatenga ake panali anthu a ku Johanna otsogozedwa ndi Musa yemwe uja. Mu September anthuwa anamva mphekesera za nkhondo ya Angoni kutsogolo, ndipo anataya akatundu ndi kuthawa. Podziwa kuti wothawa ntchito salandira malipiro, atafika ku Zanzibar mu December anakonza nkhani yakuti Livingstone waphedwa ndi Angoni kumadzulo kwa nyanja, ndi kuti iwo anamuika m'manda ndi manja ao. Anaisimba mwaluso kotero kuti Dr. Kirk yemwe anaikhulupirira, mbendera zinatsitsidwa, ndipo nyuzipepala za ku Britain zinalengeza maliro.

Young sanavomereze. Anali atagwira ntchito ndi Musa, ndipo ankamudziwa kuti ndi munthu wabodza ndi wa manja aatali. Sir Roderick Murchison, mtsogoleri wa bungwe la Royal Geographical Society, nayenso ankakayika, ndipo boma linavomera kutumiza gulu laling'ono kuti likafufuze. Linali dongosolo lachilendo kuti ulendo wa boma utsogozedwe ndi munthu wa udindo wa gunner. Akanakapeza manda, Young akanasanduka choseketsa pamaso pa akuluakulu amene anawatsutsa.

Anapempha kuti amupangire bwato la chitsulo lotalika mapazi 30, lopangidwa m'zidutswa zolumikiza ndi mabauti, chidutswa chilichonse chopepuka moti munthu n'kusenza. Bwatolo analitcha Search. Ananyamuka ku England mu June, 1867, pamodzi ndi Henry Faulkner ndi anzake ena awiri, nafika pa mathiriro a Kongone kumapeto kwa July. Amakololo anamulandira mwa chimwemwe, nasonkhanitsa anthu osenza zidutswazo kulambalala mathithi, ndipo kumayambiriro kwa September bwatolo linali pa nyanja.

Kafukufuku wake anamuyendetsa monga momwe ankayendetsera buku la onga. Ankafunsa anthu a midzi yotalikirana, aliyense payekha, ndi kufananiza mayankho ao. Anthu a m'mbali mwa nyanja analongosola Mzungu amene sankagula akapolo kapena minyanga, anayerekezera momwe ankayang'anira dzuwa ndi chida chake choyesera, anakumbukira kagalu kake ka ubweya wambiri, ndipo ena anatulutsa tizinthu timene anawasiyira, monga supuni ndi mpeni. Ataonetsedwa zithunzi za Azungu osiyanasiyana, analoza cha Livingstone. Umboni womaliza unapezeka kwa Mfumu Marenga, kumwera chakumadzulo kwa nyanja. Mfumuyi inafotokoza kuti inamuwolotsa Mzunguyo ali wamoyo, kuti anapitirira ulendo wake, ndi kuti anthu a ku Johanna anabwerera okha pambuyo pake podzera m'mudzi womwewo. Young sanaonane naye Livingstone, koma anatsimikiza kuti anadutsa bwinobwino malo amene Musa ankati anaphedwerapo. Pofika January, 1868, anali atabwerera ku England, patangotha miyezi 7 chinyamukire. Patapita miyezi yochepa makalata a Livingstone mwini anafika, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ulendowu anaulemba m'buku lotchedwa The Search after Livingstone, limene linasindikizidwa m'chaka cha 1868.

Ilala isenzedwa pamutu

Livingstone anamwalira m'chaka cha 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dera la Ilala, m'dziko limene lero ndi Zambia. M'chaka chotsatira Dr. James Stewart wa ku Lovedale anapempha mpingo wa Free Church of Scotland kuti ukhazikitse mishoni pa nyanja monga chikumbutso chake, ndipo dzina lake likhale Livingstonia. Pofuna mtsogoleri wodziwa njira, onse analoza Young, amene pa nthawiyo ankagwira ntchito yolondera gombe ku Dungeness. Akuluakulu a asilikali a pamadzi anamupatsa tchuthi.

Gululo linanyamuka ku London pa 21 May, 1875. Munali Dr. Robert Laws, amene anali ndi zaka 23 chabe. George Johnston, kalipentala. John McFadyen ndi Allan Simpson, amisiri a injini. Alexander Riddel, wa zaulimi. William Baker, mmalinyero. Ndi Henry Henderson, wotumidwa ndi mpingo wa Church of Scotland kudzafuna malo a mishoni ina. Ku Cape Town anatenga omasulira, ena mwa iwo Tom Bokwito ndi Sam Sambani, ana a dziko lino amene anaomboledwa ku ukapolo m'masiku a Bishopu Mackenzie. Katundu wamkulu anali sitima ya moto yotalika mapazi pafupifupi 50, yopangidwa ndi kampani ya Yarrow ku London, ili m'zidutswa. Dzina lake linali Ilala.

Atafika ku Kongone pa 23 July, anapeza kuti mabauti olumikizira sitimayo agwidwa ndi dzimbiri. Panalibe sitolo yokagulako ena, chotero anakhala pansi padzuwa n'kumawakwecha limodzilimodzi mpaka atayera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sitima itamangidwa, anakwera Zambezi ndi Shire, mmalinyero akuyesa kuya kwa madzi kutsogolo, ena akudula nkhuni zosonkhezera moto, ndipo anafika pansi pa mathithi kumayambiriro kwa September.

Pamenepo anaiphwasulanso. Mafumu a Amakololo, monga Ramakukan amene ankatchedwanso Kasisi, anaitanitsa anthu ao, ndipo anthu mazanamazana a m'chigwa cha Shire anasenza zitsulozo mtunda wa mailosi pafupifupi 60, m'njira ya miyala ndi zitunda, m'nyengo imene dzuwa limatentha chitsulo mpaka kuwotcha m'manja. Malipiro a munthu mmodzi anali mikwamba 3 ya nsalu yoyera. Panalibe asilikali owalondera, ndipo bauti limodzi kapena kachitsulo kamodzi ka injini kakanasowa, ulendo wonse ukanaima miyezi yambiri kudikira china kuchokera ku Ulaya. Koma powerenga katundu kumtunda kwa mathithi, Young anapeza kuti zonse zafika, popanda chosowa ngakhale chimodzi. Ulemu wa ntchito imeneyi uyenera kugawidwa pakati pa iye amene anaikonza ndi iwo amene anaisenza, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ilala inamangidwa kachiwiri ndi kuikidwa m'madzi pa 6 October. Inadutsa nyanja ya Malombe, inaima kwa Mfumu Mponda kukapempha malo, ndipo m'mawa wa pa 12 October, 1875, inalowa m'nyanja ya Malawi. Inali sitima ya moto yoyamba kuyenda pa nyanja zikuluzikulu za pakati pa Africa. Pa 17 October anakocheza ku Cape Maclear, kumene eni ake amati ku Chembe, nayamba kumanga.

Kuzungulira nyanja

Mu November chaka chomwecho Young ndi Laws ananyamuka pa Ilala kukazungulira nyanja yonse. Livingstone, pa ulendo wake wa bwato wa m'chaka cha 1861, sanafike kumapeto a kumpoto, ndipo anthu a ku Ulaya ankayesa kuti nyanjayi ndi yaifupi. Panalibe mapu osonyeza miyala yobisika kapena madooko othawirako. Anakumana ndi anamondwe oopsa, amene pa nyanjayi amabuka mwadzidzidzi, ndipo nthawi zina kasitimako kankagona usiku wonse pa anangula, moto uli wosonkhezedwa, mphuno italoza kumene mafunde akuchokera, pakuti chombo chimene chapereka nthiti ku mafunde sichichedwa kugubuduzika. M'malo ena pafupi ndi gombe chingwe cha mtovu chinkatha chonse osagunda pansi. Lero n'zodziwika kuti kumpoto nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700.

Pa ulendowu anapeza kuti nyanja ndi yotalika mailosi oposa 350, ndipo mapiri aatali a kumpoto chakum'mawa, amene lero ali m'dziko la Tanzania, anawatcha Livingstone Mountains. Anaonanso midzi yopserera ndi zombo za matanga zowolotsa akapolo. Apa mtima wake wa usilikali unaonekera. Monga munthu wochokera m'sitima yosaka zombo za akapolo, ankakhulupirira kuti kasitima kamodzi kokhala ndi mfuti kakanatha kuthetsa malondawo pa nyanja yonse, ndipo ankalakalaka kutero. Koma malamulo amene mpingo unapereka ankaletsa kulimbana ndi amalonda a akapolo ndi zida, ndipo Laws anaumirira kuti atsatidwe. Young anali munthu wa mtima wapachala ndi wa mau okalipa, komabe anamvera, popeza kumvera lamulo ngakhale losakomera mtima ndilo phunziro limene mmalinyero amayamba nalo. Akanayamba nkhondo, anthu 8 okhala kutali chotero ndi thandizo sakanapulumuka, ndipo mishoniyo ikanafera m'mazira.

Nzeru zake zinalinso ndi malire. Cape Maclear anaisankha ndi diso la mmalinyero, chifukwa pali dooko labwino lotetezedwa ndi zilumba. Koma nthaka yake yolima inali yochepa, kunali kashembe wopha ng'ombe, midzi inali patali, ndipo malungo anali ochuluka. Dr. William Black ndi mphunzitsi Shadrach Mngunana wa ku Lovedale anamwalira komweko m'chaka cha 1877. Malo okomera sitima sanakomere sukulu, ndipo m'chaka cha 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe, kenaka mu 1894 likulu lake linakhazikitsidwa ku Khondowe.

Zimene zinatsatira

Dr. Stewart atafika ndi gulu lachiwiri mu October, 1876, Young anapereka utsogoleri m'manja mwake nabwerera ku ntchito yake ku England. M'mwezi womwewo amishoni a Church of Scotland anakhazikika pa malo amene Henderson ndi Tom Bokwito anasankha, amene lero ndi mzinda wa Blantyre. Buku lake lachiwiri, lotchedwa Nyassa, linatuluka m'chaka cha 1877.

Njira imene anatsegula inadutsamo zabwino ndi zowawa zomwe. Kampani ya African Lakes inayamba malonda ake mu 1878 potsata njira yomweyo ya Zambezi ndi Shire. Dziko linalowa mu ulamuliro wa Britain mu 1891, ndipo mu 1893 sitima za mizinga, Pioneer yatsopano ndi Adventure, zinayamba kulondera nyanja, kuchita chija Young anachilakalaka. Malonda a akapolo anatha, koma ufulu wa mafumu unathera limodzi: kumapeto kwa 1895 asilikali a boma la atsamunda ochokera ku Nkhotakota anagonjetsa Mfumu Mwase ku Kasungu. Patapita zaka zochepa, mu 1900, Dr. George Prentice wa mishoni ya Livingstonia anakhazikika ku Kasungu, ndipo sukulu zinayamba kufalikira m'midzi ya m'bomali. Ana oyamba a ku Kasungu kugwira sileti anaphunzitsidwa ndi mishoni imene inafika pa Ilala.

Nyanja nayo inapitiriza kuphunzitsa anthu kuti siseweredwa. Mu August, 1914, sitima ya Guendolen inaononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili padooko ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli, ndipo iyi imawerengedwa pakati pa nkhondo zoyambirira za pamadzi za m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pa 30 July, 1946, sitima yatsopano ya Vipya inagubuduzika ndi mphepo ya mwera kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anamira. Ilala yachiwiri, yopangidwanso ndi kampani ya Yarrow, inabwera m'zidutswa monga inzake yoyamba ija, inamangidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda m'chaka cha 1951.

Ku Monkey Bay komweko, mailosi owerengeka kuchokera pamene Young anaponya nangula mu 1875, ndiko kuli likulu la asilikali a pamadzi a dziko la Malawi ndiponso sukulu ya ntchito za pamadzi. Zida zasintha, pakuti kuya kwa madzi tsopano kumayesedwa ndi makina ndipo malo a sitima amadziwika ndi masetilaiti. Komabe wophunzira watsopano amayambabe ndi zomwe zija: kumanga mfundo, kudziwa port ndi starboard, kuzindikira nyali yofiira ndi yobiriwira, kuzimitsa moto, ndi kukhala maso pa ulonda kufikira wina atamulandira.

Mphunzitsi wa kwa Chulu amene akuphunzitsa za Livingstone ndi Laws angachite bwino kuonjezerapo dzina lachitatuli. Ana ambiri amene amatsiriza sukulu sapeza malo ku sukulu zapamwamba, ndipo ena amayesa kuti ntchito ya manja ndi ya anthu olephera. Young anayambira pa zingwe ndi pa mbiya za onga. Chizolowezi chowerenga katundu, chosunga nthawi ndi chofufuza nkhani asanaikhulupirire ndicho chinamuyeneretsa kutsutsa bodza limene linanyenga anthu ophunzira, ndi kufikitsa pa nyanja sitima imene Livingstone mwini anailakalaka osaiona. Mnyamata wosankha fodya m'chigafa, amene amasamala kuti tsamba lililonse lipite pa mulu wake ndi kuti sikelo inene zoona, ali kale pa phunziro loyamba la sukulu yomweyo.